Chinyumba cha ku Tsangano

Mkulu amene ndikusimbireni nkhani yakeyu anagwira ntchito ya boma ku Capital Hill kwa zaka 37. Dzina lake ndilisunga, poti ali moyo ndipo ana ake amawerenga. Anayamba ntchito mu 1985, patangopita zaka khumi likulu litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ndipo anapuma mu 2022 atakwanitsa zaka 60. Sanali mbava, sanali chidakwa. Chimene anapata m'zaka zonsezo ndi nyumba imodzi ku Area 25, yomanga pang'onopang'ono monga timamangira ambirife: njerwa chaka chino, malata chaka chamawa, pulasitala mwana akamaliza sukulu. Inali ya zipinda zogona zitatu, yampanda, ya madzi ndi magetsi, ndipo kuseri kwake kunali boyizi kota ya zipinda ziwiri.

Ana anayi anakulira momwemo n'kubalalika. Wamkulu ali ku Johannesburg, wina ku Mzuzu, wina ku Blantyre, ndipo wamkazi yekha ndiye anatsala mu Lilongwe, kuchita lendi ku Area 36. M'nyumbamo munatsala anthu awiri ndi wailesi.

Tisafulumire kumuseka mkuluyu pa zimene anaganiza. M'tauni munthu wopuma pa ntchito amaona ndalama ikutuluka tsiku lililonse koma yolowa ikubwera kamodzi pamwezi. Nkhwani wogula, makala ogula, madzi a mita, ngakhale zinyalala n'zolipira wokataya. Amene dzulo ankamuimirira akalowa muofesi lero amamudutsa pa siteji osamuona. Komanso m'badwo wake unakula ukudziwa kuti m'tauni ndi kuntchito chabe, kwathu ndi kumudzi, ndipo munthu wolongosoka amakakalambira kumene akaikidwe. Maganizo amenewa si opusa. Alipo ambiri amene anabwerera kumudzi ndipo akukhala mwamtendere kuposa anzawo a m'tauni.

Kwawo kwenikweni kwa mkuluyu ndi ku Salima, koma anachokako ali mnyamata, makolo anatha, ndipo minda inagawidwa kalekale kwa ana a alongo ake. Tsono maso ake anali kwa akazi ake, ku Ntcheu, cha ku Tsangano, dziko lozizira la mbatata ya kachewere. Ankapitako pa Khirisimasi ndi pamaliro, ankalandiridwa ndi nkhuku, ndipo m'mutu mwake mudziwo unali wa nkhuku ndi ulemu chaka chonse.

Amayi ndiwo anali oyamba kukayika, ngakhale kunali kwawo. "Bambo, bwanji tiyambe takakhalako chaka chimodzi m'nyumba ya malemu amayi ija, ino tiike munthu wa lendi? Tikaione mvula ya kumeneko tili konko." Mwana wamkazi uja anaonjezera: "Adadi, amami ndi a shuga. Mwaganizako za chipatala?" Yankho linali lakuti zipatala zili paliponse, ndipo munthu sungamange nyumba yeniyeni ndi ndalama ya lendi yobwera modontha.

Panalinso mnansi wawo, mphunzitsi wopuma, amene anachita zimene anthu ambiri ku Lilongwe ndi ku Blantyre akuchita mwakachetechete. Anasamukira mu boyizi kota yake, anaikamo chimbudzi cham'kati ndi kakhonde, nyumba yaikulu n'kuikamo banja la lendi. Mkulu wathuyu anaseka mpaka misozi. Munthu wa giredi yake, amene anasainira mafayilo a unduna wathunthu, akagone kumene ankagona wantchito? Apa m'pamene ndimaona kuti nkhaniyi sinali ya nyumba yokha. Ankafuna kuti anthu aone kuti zaka 37 zija zinabala kanthu.

Madobadoba sanachedwe kubweretsa wogula. Mu Ogasiti 2023 nyumba ya ku Area 25 inagulitsidwa, ndipo mtengo wake unali wabwino ndithu pa nthawiyo. Ataphatikiza ndi zimene zinatsala pa ndalama zake zopumira ntchito, mkuluyu anaona mu akaunti yake nambala imene sanaionepo chibadwire. Pulani inajambulidwa: zipinda zogona zisanu ndi chimodzi, mwana aliyense chake, china cha alendo, balaza lalikulu, zimbudzi zitatu zam'kati m'mudzi umene madzi ake ndi a pa mjigo, ndi masitepe aatali kumaso poti malowo ndi otsetsereka. Malo anawalozera ndi mchimwene wa amayi, mwini mbumba, pamaso pa anyakwawa. Panadyedwa mbuzi. Pepala silinalembedwe, ndipo kunena zoona, kupempha pepala tsiku limenelo kukanaoneka ngati mwano.

Maziko anakumbidwa, zipupa zinayamba kukwera. Ndiye pa 9 Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Mkuluyu analibe dola ngakhale imodzi, koma nyumba yake inkamangidwa ndi zinthu zodalira dola: malata, misomali, magalasi, mapaipi, penti, simenti, ndi mafuta a lole yokweza zonsezo kuchokera pamsewu wa M1 kukafika kumapiri. Mitengo inalumpha m'masiku ochepa, amisiri nawo anakweza yawo. Ndalama imene inawerengedwa kuti imaliza nyumba n'kutsalako ya mpamba inapezeka kuti singafike ngakhale padenga lonse.

Apa mpofunika kuima pang'ono, chifukwa ambiri amaona ngati linali tsoka chabe. Kwacha inali itagwapo kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo amene anali pa ntchito mu 2012 akukumbukira kugwa kwake kwa chaka chimenecho. M'dziko lathu lino, nyumba ya m'tauni ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene zimakwera limodzi ndi mitengo: kwacha ikagwa, lendi imakwera, mtengo wa nyumbayo umakweranso. Ndalama ya mubanki siitero, penshoni ya pamwezi nayo imatsalira m'mbuyo. Wogulitsa nyumba kuti amange ina amakhala atanyamula chuma cha moyo wake wonse m'makwacha kwa miyezi yambiri, ndipo miyezi imeneyo ndiyo yoopsa. Wachinyamata zikamugwera zotere amabwerera kuntchito n'kukapezanso zina. Wa zaka 61 alibe kobwerera. Chiyeso chomwechi chili pa amene amapuma m'makampani, makamaka pano pamene lamulo la penshoni la 2023 likulola munthu kutenga theka la ndalama zake nthawi imodzi. Ndalama yobwera pakamodzi imaoneka yosatha.

Panalinso kudontha kwina kumene pulani sinaonetse. Mudzi wonse unadziwa kuti alamu a ku Lilongwe agulitsa nyumba. Maliro akagwa, bokosi ndi iwo. Mwana akasankhidwa kupita kusekondale, fizi ndi iwo. Feteleza akavuta, matumba awiri okha, alamu, tidzabweza tikakolola. Sindikunena kuti anthuwo anali adyera. Umo ndi mmene mudzi umadzisungira: amene ali nazo lero amathandiza, mawa adzathandizidwa. Kungoti mkuluyu anafika ngati munthu amene sanasonkhe kwa zaka zambiri, ndipo mudzi unkatolera zakale zomwe.

Anafolera mbali imodzi, zipinda zitatu ndi balaza. Mawindo a mbali inayo anatsekedwa ndi njerwa zosamata. Zimbudzi zam'kati zija zinasanduka mosungira makasu, ndipo mkulu wa mawondo otupa ankatsika masitepe ake aatali aja usiku, m'chisanu cha ku Tsangano, kupita kuchimbudzi chokumba. Kachewere analimadi chaka chimodzi. Atawerengera feteleza, mankhwala opopera ndi aganyu, n'kumva mtengo umene mavenda anatchula ali pamunda, sanabwerezenso.

Zonsezi akanapirira. Chimene chinawagonjetsa ndi matenda a amayi. Ku Lilongwe ankakwera minibasi imodzi kapena ziwiri n'kufika ku Kamuzu Central Hospital, ndipo mankhwala akasowa, mafamase anali pafupi. Kumudzi, insulini imene imafuna pozizira ankaisunga mumtsuko wa mchenga wonyowa. Chipatala chaching'ono chinali ulendo wa kabaza wa njinga yamoto, ndipo zoyeza zikuluzikulu zinali ku boma. Ulendo uliwonse unkadya ndalama ndi tsiku lathunthu, choncho anayamba kudumphitsa masiku a kuchipatala, mwezi uno ayi, tidzapita mwezi wamawa. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi sizichita phokoso munthu akamazinyalanyaza. Chakumapeto kwa 2024 mafuta a galimoto anasowa m'dziko muno, mizere ili mbwee m'mafilingi siteshoni, ndipo mvula itayamba msewu unaterera. Usiku umene amayi anakomoka, mwini galimoto wa pafupi analibe dontho la petulo. Ina inapezeka kutacha. Anamwalira patapita masiku awiri, mu Januwale 2025.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. M'madera ambiri a chigawo chapakati ndi chakummwera, malo amayenda motsata mbumba ya akazi. Mwamuna wokhala kwa mkazi wake ndi mkamwini, kaya ali ndi digiri, kaya anamanga nyumba ya matailosi. Chingwe chimene chimamumangirira pamalopo ndi mkaziyo. Mkuluyu ankazidziwa zimenezi, poti naye ndi Mchewa, koma monga amuna ambiri ankaganiza kuti iye ndiye adzatsogole.

Palibe anamuthamangitsa, ndipo izi ndikufuna zimveke. Pa mwambo womusudzula, mwini mbumba analankhula mwaulemu wonse: "Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino, tilibe nanu mlandu. Takumasulani. Nyumbayi ndi ya ana, ndipo inu mukhalemo mmene mungafunire." Mawu abwino. Koma dimba limene amayi ankalima linapatsidwa kwa mdzukulu wina wa mbumbayo. Posakhalitsa mdzukuluyo ndi mwamuna wake analowa m'zipinda ziwiri, ati kuti agogo asamakhale okha. Zinamvekanso, mosachita kunena, kuti akafuna kukwatiranso, mkaziyo sangadzalowe pamalo a eni ake. Ataganiza zogulitsa nyumbayo kuti akagule kanyumba kakang'ono m'tauni, anapeza kuti palibe wogula. Ndani angapereke mamiliyoni pa nyumba yokhala pakati pa mbumba ya eni, yopanda chikalata? Ngakhale banki singailandire ngati chikole.

Malamulo alipo. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo a kumudzi kudzera m'komiti ya malo, ngakhale ntchitoyi sinafike m'midzi yonse. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Amene akufuna kumanga kumudzi azifunse zimenezi njerwa yoyamba isanaikidwe, onse awiri ali moyo, mwini mbumba ndi amfumu ali pomwepo, ndipo zogwirizanazo zilembedwe ngakhale zichititse manyazi. Koma khoti likhoza kugamula kuti ukhale m'nyumba, silingalamule munthu kuti akutungire madzi kapena akupatse moni m'mawa. Kumudzi nkhalamba imakhala ndi moyo chifukwa cha anthu, ndipo anthu ake a mkuluyu anali ku Area 25: a kumpingo, a bawo, mnansi uja wa mu boyizi kota.

Mwana wamkazi uja anali ndi mantha enanso amene sankawatchula pafoni. Nkhalamba yachilendo, yokhala m'chinyumba chosatha, mkazi atangomwalira, ndi munthu amene manong'onong'o sachedwa kumupeza. Iye ankakumbukira za mu Januwale 2016 ku Neno, boma loyandikana ndi Ntcheu, kumene okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mtsikana wina ataombedwa ndi mphenzi. Palibe analoza chala bambo ake. Koma sanafune kudikira kuti mwana wa m'mudzimo adwale kaye. Mvula itatha anabwereka galimoto n'kukawatenga.

Lero mkuluyu amagona chipinda chimodzi ndi zidzukulu zake ziwiri ku Area 36, m'nyumba ya lendi ya mpongozi wake. Amadzuka m'mamawa kuti ana avale za kusukulu momasuka. Pa penshoni yake amapatulapo ya mankhwala a mawondo, ina amatumiza ku Tsangano pafoni kuti agule mankhwala a chiswe, poti chayamba kudya mitengo ya denga. Amene anagula ku Area 25 anamanga tinyumba tina tiwiri pamalo pamene panali mitengo ya mango, ndipo tonse tili ndi anthu a lendi.

Pa gulu la WhatsApp la banjalo mkangano sunathe. Wa ku Johannesburg akuti asonkherane amalize nyumbayo, ndi ya amayi awo, ngakhale iye sanagonemo ndi usiku umodzi womwe. Wa ku Mzuzu akuti ana ake sadziwa n'komwe njira ya ku Tsangano. Wamkazi akuti asasule malata, zitseko ndi mafelemu agulitse, ndalamayo alipirire bambo awo chipinda chawochawo cha lendi. Maganizo amenewa atafika kumudzi, amalume awo anayankha kuti malata sangachotsedwe, chifukwa pansi pake pakugona mwana wa mbumba ndi khanda.