Chigayo cha Amalume ndi Madzi a Shire

Amalume anga anagula chigayo ndi ndalama za makala. Kwa zaka zambiri ankatentha mauvuni m'mapiri a ku Neno, matumba n'kumawandandalika m'mbali mwa msewu pa Zalewa, pomwe amagalimoto amaima n'kumagula. Tsanya atatha anayamba mombo, mombo utatha anagwetsa ngakhale misuku imene tinkatola zipatso zake tili ana.

Tsiku lomwe analumikiza chigayocho kumagetsi ndinalipo. Anandigwira paphewa, nkhope ili mwee, n'kunena kuti, "Mphwanga, za utsi ndasiyana nazo. Magetsi awa ndi a madzi, satha. Unayamba wauonapo Shire utaphwa?"

Amalume sankanama. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo Nkula anayamba kugwira ntchito mu 1966. Pamene mayiko olemera akuvutika kuti asiye malasha ndi mafuta, ife takhala tikuwunikira magetsi opanda utsi kuyambira kalekale. Chimene sitinkachiganizira n'chakuti malo atatu onsewa ndi ondondozana pamtsinje umodzi, ndipo mtsinjewo umadalira nyanja imodzi ndi mvula ya chaka chimenecho.

Chenjezo loyamba linafika mu 2016 ndi 2017. Mvula itavuta, madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika, Shire n'kuchepa mphamvu. Magetsi anayamba kuthimathima mpaka dziko linachita kubwereka majenereta a dizilo, omwe magetsi ake ndi okwera mtengo komanso a utsi. Kuchigayo kwa amalume amayi ankagona pakhonde, mitu atatsamiritsa pamatumba a mphale, ana atawafunditsa zitenje. Mota ikangolira pakati pa usiku, onse ankadzambatuka n'kuyamba kukanganirana mzere, chifukwa palibe ankadziwa kuti magetsiwo akhala maola angati. Madzi atabwerera m'nyanja, tonse tinaiwala. Amalume anakatenga ngongole n'kugula makina okonolera.

Kenako kunabwera namondwe wa Ana mu Januwale 2022. Madzi osefukira anagumula mbali ya damu la Kapichira ku Chikwawa, ndipo usiku umodzi wokha dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, omwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi athu. Kukonza kunatenga nthawi yoposa chaka. Ngongole siinadikire chaka. Makina okonolera anagulitsidwa motchipa, anyamata awiri ogwira ntchito anabwerera kwawo, ndipo m'chigayo munayamba kugona mbuzi.

Apa mpamene pali nkhani imene imandipweteka mpaka lero. M'matauni anthu omwe ankaphikira magetsi anabwerera pambaula, makala n'kuyamba kuyenda malonda. Amalume ananola nkhwangwa kuti abwerere kuntchito yawo yakale. Ndinawaperekeza. Tinakwera phiri kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo, koma tinkangopeza zitsa ndi miyala. Njira imene tinkadutsa kale inali itasanduka chigwembe choti munthu wamkulu akalowamo saoneka mutu. Anakhala pansi, n'kutapa mchenga m'manja, n'kumauthira pansi pang'onopang'ono.

"Mphwanga," anatero, "dothi limene linali apa linapita kuti?"

"Linapita ku Shire, amalume."

"Ndiye kuti matope amene amawavuula kumadamu aja, ena ndi a m'munda mwanga."

Sindinawayankhe. Namondwe sanabwere chifukwa cha nkhwangwa ya amalume, ndipo ngakhale mapiri akanakhala ndi mitengo, mvula ija inali yoopsa. Koma phiri lopanda mitengo silisunga madzi. Limawataya onse nthawi imodzi pamodzi ndi dothi, ndipo dothilo limakadzaza pomwe madzi amalowera kumakina. Akatswiri amakhalira kuvuula matope ndi namasupuni kuti makina azungulire. Thumba lililonse la makala limene amalume anagulitsa linkadya pang'ono magetsi omwe iwo ankati satha.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu 2024 chilala chinatsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba, ndipo abale athu a ku Zambia, omwenso amadalira magetsi a madzi, ankakhala pafupifupi tsiku lathunthu mumdima. Ife tinalangidwa ndi madzi ochuluka, iwo ndi madzi ochepa, koma bala lake ndi limodzi.

Zabwino zayambika. Ku Nanjoka m'boma la Salima kuli munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 60 umene unayamba mu 2021. Ku Golomoti kuli wina wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire osungira magetsi dzuwa likalowa. Panayambikanso ntchito yolumikiza mawaya athu ndi a ku Mozambique, kuchokera ku Matambo kufika ku Phombeya. Palinso damu lalikulu limene likukonzedwa ku Mpatamanga, koma tisaiwale kuti nalonso lili pa Shire yemweyo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mtsinje umodzi sungasenze dziko lonse.

Inu owerenga, mukamva atsogoleri akulonjeza magetsi osawononga chilengedwe, musathamangire kuwomba m'manja. Afunseni kuti mvula ikakana tidzayatsa chiyani, ikachuluka tidzayatsa chiyani, ndipo ndani akusamala mapiri omwe amamwetsa mitsinjeyo. Afunseninso kuti mayi wa ku Ndirande adzaphikira chiyani chotsika mtengo kuposa makala, chifukwa malinga ngati mbaula ikulamulira kukhitchini, nkhwangwa sidzapuma kuphiri. Mukatero, yang'anani thumba la makala lili kuseri kwa chitseko chanu, ndipo mukumbukire kumene linachokera.

Chigayo cha amalume chinayambanso kulira, ngakhale makina okonolera sanabwerere. Padenga anaikapo sola yaing'ono yomwe amatchajira mafoni a anthu magetsi akathima. Kuseri kwa chigayo kuli nazale ya mbande za mitengo m'machubu akuda, zomwe amazithirira okha m'mawa uliwonse ndi kheni yobooka pansi. Nditawafunsa ngati akuyembekeza kudzakhala pamthunzi wake, anapukusa mutu.

"Ayi mphwanga, ine ndakalamba. Ndikungobweza ngongole ya phiri lija."