Kavalo Wotupa Pakhosi

FUNSO: Bambo, kavalo wamng'ono wa pafamu imene ndimagwirapo ntchito waleka kudya, watupa kunsi kwa nsagwada, ndipo mamina achikasu akuchucha m'mphuno mwake. Kodi nthenda imeneyi nchiyani, nanga tichitenji?

YANKHO: Mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Zizindikiro mwatchulazi zikuloza nthenda yotchedwa strangles, imene imadza ndi kachilombo ka Streptococcus equi. Ndipo popeza kachilomboka kamakhazikika m'anabele a pakhosi, amene amatupa ndi kudzala mafinya kufikira ataphulika, chotupacho chikakula chimapanikiza njira ya mpweya, kotero kuti kavalo, amene mwa chilengedwe chake sapumira m'kamwa, amayamba kupuma molira, atatambasula khosi.

Mpatuleni lero lomwe, akhale ndi ndowa yakeyake, pakuti nthendayi imayenda ndi mamina, pa zomwera, pa zingwe, ngakhale m'manja ndi pa zovala za womsamala. Anzakewo muziwayeza kutentha tsiku ndi tsiku. Wopitirira madigiri 38.5 ayenera kupatulidwa nayenso. Chotupacho muzichithowa ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda kuti chipse msanga, ndipo chakudya chikhale chofewa, monga madeya onyowetsa, choikidwa pansi kuti mamina azitsika.

Za penisilini musadzigamulire nokha, msiyireni dokotala wa ziweto. Koma kupuma kukayamba kuvuta, muitaneni ngakhale pakati pa usiku. Kavaloyo akachira, asafulumire kubwerera kwa anzake, chifukwa akavalo ena amasunga kachilomboko m'timatumba ta kumbuyo kwa mmero miyezi yambiri, akuoneka athanzi, ndipo dokotala yekha ndiye angawazindikire poyeza.