Za Kumanga Nyumba Yosatentha M'dziko la Kunsi kwa Shire

Abale athu a kwa Malemia ndi a m'midzi yonse ya m'chigwa, mwezi uno tiphunzire za nyumba. Dziko lathu lino ndilo lotsika koposa m'Malawi monse, ndipo pa Okutobala ndi Novembala kutentha kupitirira madigiri 40 pa Nsanje. Masiku amenewo ambiri atulutsa mphasa nagona pabwalo, kumene udzudzu wa m'dambo la Ndindi uwapeza opanda neti, ndipo pakapita sabata ziwiri mwana ali ndi malungo. Nyumba yothamangitsa eni ake usiku yalephera ntchito yake. Koma kuzizira kwa nyumba sikugulidwa kusitolo. Kuyamba tsiku lokhoma zikhomo za maziko, pakuti mmera mpoyamba.

1. Kumene nyumba ipenya. Dzuwa la masana ligwa padenga, koma la m'mawa ndi la madzulo lilasa makoma. Loopsa ndilo la kumadzulo, chifukwa lifika pamene nthaka ndi mpweya zatentha kale. Tsono utali wa nyumba uchokere kum'mawa kunka kumadzulo, kuti mbali ziwirizo zikhale ndi makoma aafupi opanda mazenera aakulu. Makoma aatali apenye kumpoto ndi kummwera, kumene dzuwa lidzera pamwamba, ndipo denga lotuluka pang'ono liwaphimba. Ambiri alunjika nyumba kumsewu osafunsa dzuwa, nasauka nayo zaka makumi awiri. Chipinda chogona chisakhale kumadzulo. Kumeneko ikani chipinda chosungiramo makasu ndi matumba.

2. Khonde. Makolo athu pomanga anazunguliza khonde, ndipo sanachite ichi chifukwa cha kukongola kokha. Khoma la zidina kapena la njerwa limwa kutentha usana wonse monga mwala wa pamoto, nilitulutsira m'nyumba usiku, nthawi imene tifuna tulo. Khoma lokhala mumthunzi limwa pang'ono. Khonde lotuluka mita imodzi ndi theka lisunga khoma kudzuwa, lilisunganso kumvula imene isungunula dothi.

3. Denga. Tonse tidziwa kuti munthu akagulitsa thonje kapena mbuzi, mtima wake uthamangira malata. Sitiwanyoza malata: sadontha, sagwira moto msanga, safuna kufolera chaka ndi chaka. Koma udzu ndi milaza zisunga mpweya pakati pake, ndipo kutentha sikudutsa msanga. Lata ndi chitsulo chopyapyala, litentha nthawi yomweyo niliwamba okhala pansi pake monga nsomba pachitsulo. Wofolera malata achite zitatu. Akweze makoma, kuti denga litalikire mitu. Ayale siling'i ya mphasa kapena ya bango pansi pa malata, kusiya mpata pakati. Asiyenso zibowo pansonga ya makoma aafupi aja, kuti mpweya wotentha, umene nthawi zonse ukwera, upeze potulukira. Wokhoza kugula penti apake yoyera padenga ndi laimu kunja kwa makoma, pakuti choyera chibweza dzuwa, chakuda chilimeza.

4. Mphepo. Zenera limodzi sililowetsa mphepo, monga munthu sangauzire mpweya m'botolo. Mazenera akhale openyana, lina kummwera, lina kumpoto, ndipo akhale otsika kuti mphepo ikhudze wogona. Masana otentha kwambiri atsekeni, dzuwa likalowa atseguleni kuti makoma apole. Pano pali chenjezo: udzudzu wa malungo ukonda kulowera pampata wa pakati pa khoma ndi denga. Mpata umenewo matani, ndipo pamazenera ndi pazibowo zonse khomani waya wa sefa. Neti isachotsedwe chifukwa cha ichi.

5. Mitengo ndi moto. Kumadzulo kwa nyumba bzalani nimu, mango kapena bwemba, mapazi khumi kuchokera pakhoma, kuti mizu isang'ambe maziko. Msangu uli ndi khalidwe lodabwitsa: uyoyola masamba m'dzinja nukhala wobiriwira m'chilimwe, pamene mthunzi ufunika koposa. Khitchini ikhale payokha, kuti moto ndi utsi zisaonjeze kutentha kumene tigona.

6. Maziko. Ife a m'chigwa tili ndi mdani wachiwiri. Madzi a mu Januwale 2015, a namondwe Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anagwetsa nyumba zambiri ku Nsanje ndi ku Chikwawa, makamaka za zidina zoyambira pansi penipeni. Mangani pamtunda, maziko akhale a miyala kapena a njerwa zootcha, okwera kufika m'bondo, ndipo zidina ziyambire pamenepo. Nyumba yokwezeka ilandiranso mphepo bwino.

Taonani kuti pa zisanu ndi chimodzi izi zambiri sizifuna ndalama, ngakhale magetsi. Zifuna kulingalira kokha. Wofuna kumanga chaka chino aime pamalo pake madzulo, aone kumene dzuwa lilowera ndi kumene mphepo ichokera, akambirane ndi mmisiri asanaumbe njerwa. Ndipo inu odziwa kuwerenga, muwawerengere anansi anu mawu awa.