Za Liwiro ndi Mawerengedwe Ake

Munthu ayenda, njinga ithamanga, koma galimoto iposa zonse ziwiri. Kufulumira kwa chinthu m'kuyenda kwake kutchedwa liwiro. Maso okha sakhoza kuyesa liwiro bwino; lidziwika ndi kuwerengera. Wofuna kulidziwa ayambe wafunsa zinthu ziwiri: utali wa ulendo, ndi nthawi imene ulendowo watha. Pamenepo agawe utaliwo ndi nthawiyo, ndipo chotsatira chake ndicho liwiro.

M'boma la Ntcheu muli msika wa Lizulu, kumene anthu agulitsa mbatata ya kachewere, kabichi ndi matimati. Mayi asenza dengu, nachoka kumudzi wotalika makilomita 12, nafika kumsikako atayenda maora 3. Kugawa 12 ndi 3 kupatsa 4. Chotero liwiro lake ndilo makilomita 4 pa ora limodzi. Mwamuna wake apalasa njinga, natsiriza ulendo womwewo pa ora limodzi lokha. Liwiro lake ndilo makilomita 12 pa ora, ndiko kuposa la mkazi wake katatu.

Pamsika pomwepo papita msewu waukulu wa M1, wochokera ku Blantyre kunka ku Lilongwe, ndipo tsidya lake ndilo dziko la Mozambique. Galimoto ina ikhoza kudza pamsewuwo ndi liwiro la makilomita 72 pa ora. Kilomita imodzi ili ndi mamita 1,000, ndipo ora lili ndi masekondi 3,600. Kugawa 72,000 ndi 3,600 kupatsa 20. Ndiko kunena kuti galimotoyo itha mamita 20 pa sekondi iliyonse.

Tsono mwana akafuna kuoloka msewu, natha masekondi 5 pakuolokapo, galimotoyo idzakhala itayenda mamita 100, ndiwo ngati utali wa bwalo la mpira. Galimoto yooneka patali ili pafupi ndithu, ndipo siikhoza kuima pomwepo monga aima munthu. Chifukwa chake mwana wanzeru aima m'mbali, nayang'ana uku ndi uku, nalinda kufikira itapita.

Mafunso
1. Kodi liwiro lipezeka bwanji?
2. Mnyamata ayenda makilomita 15 pa maora 3. Liwiro lake n'lotani?
3. Galimoto yotha mamita 20 pa sekondi idzayenda mamita angati pa masekondi 8?