Azakhali, ndani akulodza mafuta anga?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Chilomoni. Ndinayamba kabizinesi kopanga mafuta odzola kunkhope, ndimagulitsa pa WhatsApp komanso ku saluni ya mnzanga. Ndimasungunula m'madzi ufa wa vitamini C, uja amaulemba kuti ascorbic acid, n'kuthiramo glycerine. Tsiku lopangalo amakhala oyera bwinobwino, koma pakangopita masabata ochepa amasanduka achikasu, kenako ofiirira. Makasitomala ena akuti akumva kuwotcha akadzola. Ine ndimawauza kuti kufiirako ndiye mphamvu yake. Koma mumtima ndikukayikira mayi wina woyandikana naye nyumba, amene wayambanso bizinesi yomweyi. Kodi sakundilodzera katundu? Ndipite kwa asing'anga?

Wodandaula, Chilomoni

Mwanangu Wodandaula,

Ndalama ya asing'angayo sunga, ukagulire sikelo. Mfiti yako ndi mpweya umene umalowa m'botolo nthawi iliyonse ukalitsegula, ndipo ikuthandizana ndi dzuwa, kutentha ndi madzi ako omwewo. Mayi woyandikana nayeyo, ngati akugwiritsa ufa womwewo, pano ali pakhonde kuyang'ana mabotolo ake ofiira n'kumakuganizira iweyo.

Koma tiyambe ndi bodza lija. Kufiirako ndiye mphamvu yake? Iwe mwana, pakamwa pako pakanakhala pa wailesi bwenzi titagula tonse. Ascorbic acid akakhala m'madzi amagwirana ndi okosijeni n'kuyamba kuphwanyika, ndipo mtundu wofiirirawo ndi zotsalira zake. Botolo likafika pamenepo, vitamini wambiri wapita kalekale. Anthu akukulipira ndalama ya vitamini C, iwe ukuwapatsa maliro ake.

Kuwotcha nakonso kuli ndi chifukwa chake. Dzina lokhalo likukuuza kuti ameneyu ndi asidi. Dokotala wa khungu Sheldon Pinnell ndi anzake a pa yunivesite ya Duke ku America anaonetsa mu 2001 kuti ascorbic acid amalowa m'khungu pokhapokha pH, muyeso wa kuwawasa kwake, ikakhala pansi pa 3.5, ndipo kupitirira 20 peresenti sikuwonjezera phindu. Mu 2005 anapezanso kuti 15 peresenti ya vitamini C imakhazikika bwino ikaphatikizidwa ndi 1 peresenti ya vitamini E ndi 0.5 peresenti ya ferulic acid. Zimenezo ndi za makampani okhala ndi labotale ndi mabotolo osalowa mpweya. Iwe amene ukuyeza ndi supuni ya tiyi, ukudziwa n'komwe pH ya mafuta akowo?

Chimene opanga ambiri amachita ndi kusiya ufa wosachedwa kuonongekawo n'kugula vitamini C wokhazikitsidwa. Wosavuta kuyamba naye ndi sodium ascorbyl phosphate, amene ogulitsa amangoti SAP. Ndi vitamini C yemweyo, koma pamalo pamene okosijeni amakonda kugwira anamangirirapo phosphate. Zili ngati namwali amene amalume ake akhala pakhomo: mpweya ukabwera kudzafunsira, umapeza amalume ali pampando, n'kubwerera. Mafutawo akafika pakhungu, ma enzyme a m'khungu amachotsa phosphate uja, vitamini n'kuyamba ntchito.

Ndisakunamize ngati mmene iwe umanamizira makasitomala. Si SAP yense amene amasanduka vitamini C pakhungu, ndipo umboni wa mphamvu zake sunachuluke ngati wa ascorbic acid watsopano wopangidwa mwaluso. Amagwira pang'onopang'ono. Komabe ine ndingasankhe wofatsa amene akafike kwa kasitomala ali moyo, kusiyana ndi wamphamvu wofera pashelefu. Sawotchanso, ndipo pali kafukufuku woonetsa kuti pa 5 peresenti amathandiza a ziphuphu.

Tsono amalumewo ali ndi malamulo awo, tchera khutu. SAP amafuna pH ya pakati pa 6 ndi 7, makamaka chakumtunda kwakeko. Ukamuika m'botolo limodzi ndi glycolic acid kapena madzi a mandimu, pH imatsika, phosphate amayamba kumasuka, ubwereranso kwa ine ndi kalata ina. Timapepala toyezera pH sitidula, gula. Safunanso moto. Ngati ukupanga kirimu wophika, usungunule SAP padera m'madzi pang'ono, udikire kirimuyo azizire mpaka pansi pa madigiri 40, ndiye uthire. Mlingo wake yambira pa 1 mpaka 3 peresenti, kutanthauza magalamu 1 mpaka 3 pa magalamu 100 aliwonse a mafuta omalizidwa. Pamenepa m'pamene sikelo ija ikufunika, yotha kuwerenga ngakhale kagawo ka galamu.

Madzi nawo ndi nkhani. A pamjigo kapena a pampopi amakhala ndi tizidutswa ta ayironi ndi kopa tosaoneka ndi maso, ndipo timeneti timafulumizitsa kuonongeka kwa vitamini C wamtundu uliwonse. Gwiritsa madzi a distilled, utakasire m'chiwiya cha galasi kapena cha stainless steel, poto wako wa ndiwo umusiye kukhitchini. Opanga amathiranso disodium EDTA pang'ono, cha m'ma 0.1 peresenti, kuti agwire tizitsulo totsalato.

Pali china chimene ambiri amagwa nacho. Asidi wowotcha uja ankathandizako kuopseza tizilombo. Ukakwera kufika pa pH 7, wawayalira mphasa mabakiteriya ndi nkhungu, pamenenso m'botolomo muli madzi ndi glycerine. Mankhwala otetezera ndi ofunika, koma si onse angagwire. Sodium benzoate ndi potassium sorbate amagwira m'zinthu zowawasa, pa pH 7 amangokhala ngati alendo. Phenoxyethanol ndiye amapirira, ndipo malamulo a ku Ulaya salola kupitirira 1 peresenti. Kasitomala wotupa maso chifukwa cha mafuta ovunda sabwera kudzadandaula yekha, amabwera ndi abale ake.

Abale a SAP aliponso. Magnesium ascorbyl phosphate amafanana naye khalidwe. Ascorbyl glucoside, wotchuka ndi kampani ya ku Okayama m'dziko la Japan imene inkatchedwa Hayashibara, anamumangirira shuga m'malo mwa phosphate. Tetrahexyldecyl ascorbate amasungunuka m'mafuta, choncho ndiye woyenera ngati ukufuna kupanga zopanda madzi, koma mtengo wake ukhoza kukugwetsa pampando. Ndipo poti ndatchula mafuta, ndaona ena akulemba kuti mafuta a malambe ndi odzaza vitamini C. Vitaminiyo ali mu ufa wa malambe umene timapangira mafirizesi. Mafuta amafinyidwa ku nthanga, ndipo vitamini C salowa m'mafuta. Ndi abwino pakhungu, koma asawanamizire.

Pogula ufawo, uza wogulitsa akupatse pepala la certificate of analysis, loonetsa dzina lenileni, nambala ya batchi ndi tsiku lothera ntchito. Maufa oyera amafanana onse, mwanangu. Mabotolo oonekera mkati aja, okongola pa chithunzi, uwasiye. Peza akuda kapena opopa. Usanagulitse, yesa kaye. Mafakitale amasunga zitsanzo pa madigiri 40 kapena 45 kwa miyezi itatu n'kumaona mtundu, fungo ndi pH. Iwe ulibe makina otero, koma ngati uli ndi m'bale ku Nsanje, mutumizire botolo limodzi mu Okutobala. Ukakonzeka, pita ku Malawi Bureau of Standards konkuno ku Blantyre ukafunse za kuyezetsa katundu ndi kalembedwe ka lebulo.

Pa lebulopo ndisadzaone mawu akuti "oyeretsa khungu". Vitamini C amachepetsako liwiro la tyrosinase, enzyme yopanga utoto wa khungu, n'chifukwa chake mabanga a ziphuphu amazilala pang'onopang'ono, makamaka munthu akamadziteteza ku dzuwa. Sasandutsa munthu mzungu. Akabwera wina kukunong'oneza kuti uthiremo hydroquinone, mercury kapena kachubu ka clobetasol kuti zizigwira msanga, umuperekeze mpaka pageti. Zimenezo zimapyapyalitsa khungu, zimasiya zigamba zakuda zosachoka, ndipo mercury amakafika mpaka ku impso.

Botolo loyamba la SAP unditumizire. Ndiyamba ndadzola pachigongono masiku angapo, chifukwa nkhope iyi atsibweni ako anaifunsira movutikira.

Ndine Azakhali ako