Phunziro la Sabata Ino: Odzipereka Ophunzitsa za Chisankho Kuno ku Chitipa



Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chidapita. Zithunzi za opikisana zimene zidamatidwa pa mitengo ndi pa makoma a magolosale a pa boma pano zafwifwa, ndipo ambiri tabwerera ku minda, ku msika ndi ku maofesi. Wina atha kufunsa kuti, nanga tikambirenji za chisankho pamene china chidzachitika mu 2030? Tikukamba lero chifukwa ntchito yophunzitsa anthu za chisankho imagwirika bwino nthawi ngati ino, pamene mitima yazizira ndipo palibe amene akugawa nsalu za chipani. Ntchitoyi m'boma lathu lino imagwiridwa makamaka ndi anthu odzipereka, osalandira malipiro a pamwezi. Phunziro lino likufotokoza za ntchito yawo, ndiponso chifukwa chake ife okhala m'tauni tikuyenera kulowamo.

Kumene tidachokera

Achinyamata ambiri amene adavota chaka cha 2025 adabadwa voti ilipo kale. Makolo awo akukumbukira nthawi imene kunali chipani chimodzi chokha. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya Maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Kalatayo idadzudzula poyera kusowa kwa ufulu wolankhula, kutsekera anthu m'ndende popanda kuwazenga mlandu, ndi kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka. Boma lidati kalatayo ndi youkira. Maepiskopi adaitanidwa ku polisi ku Blantyre, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka idatenthedwa. Nthawi imeneyo Chitipa inali mu Dayosizi ya Mzuzu, poti Dayosizi ya Karonga idakhazikitsidwa mu 2010. Amene ankatsogolera Dayosizi ya Mzuzu, Monsinyolo John Roche, adathamangitsidwa m'dziko muno mu Epulo 1992 chifukwa cha kalata yomweyo.

Chaka chomwecho atsogoleri a mipingo, a Chisilamu ndi ena adakhazikitsa bungwe la PAC limene lidakambirana ndi boma. Pa 14 Juni 1993 kudachitika riferendamu. Ofuna chipani chimodzi ankasankha tambala wakuda, ofuna zipani zambiri ankasankha nyali, ndipo pafupifupi anthu awiri mwa atatu aliwonse adasankha nyali. Pa 17 Meyi 1994 Amalawi adasankha pulezidenti ndi aphungu kuchokera m'zipani zosiyanasiyana. Uthenga wa nyali udafika m'midzi yakutali chifukwa cha anthu wamba, monga aphunzitsi, akatekisiti ndi amayi a pa msika, amene ankafotokozera anzawo pakamwa, ena ali ndi mantha ndithu. Odzipereka a masiku ano akupitiriza ntchito ya anthu amenewo.

Odziperekawa ndi ayani?

Ntchito yoyendetsa chisankho ndi ya bungwe la MEC. Koma MEC payokha singafike pa khomo lililonse, ndiye imavomereza mabungwe ena kuti aziphunzitsa anthu. Limodzi mwa iwo ndi bungwe la NICE, limene lidayamba mu 1999 ndipo lili ndi maofesi m'maboma, kuphatikizapo kuno ku Chitipa. Antchito olembedwa pa ofesi ya boma amakhala ochepa kwambiri. Mphamvu ya bungweli ili mwa anthu odzipereka okhala m'madera momwemo, amene amachititsa misonkhano ya m'midzi, amalankhula pa masiku a msika, amakonza mitsutso ya opikisana, ndipo ena amakaonerera pa malo oponyera voti. Mu Mpingo wathu ntchito yomweyi ili m'manja mwa bungwe la Chilungamo ndi Mtendere, la CCJP, limene limadalira Akhristu odzipereka a m'maparishi ndi m'nthambi.

Wodzipereka ndi mlimi, mphunzitsi wopuma ntchito, mayi wogulitsa tomato, kapena mnyamata amene wamaliza Fomu 4. Amasiya ntchito yake tsiku lonse n'kuyenda pansi kapena pa njinga. Nthawi zina amafika pa bwalo la mfumu n'kupeza kuti m'mudzimo mwagwa maliro, msonkhano walephereka. Nthawi zina anthu amamufunsa kuti wabweretsa chiyani, ndipo akamva kuti wabwera ndi mawu okha amabalalika. Amabwerera kwawo, sabata yotsatira n'kupitanso.

Chifukwa chake Chitipa imasowa anthu ake eni

Boma lathu lili ndi zilankhulo zambiri kuposa maboma ena ambiri m'Malawi muno: Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chinamwanga, Chimambwe, Chitumbuka ndi zina. Mauthenga a chisankho a pa wailesi ndi pa mapepala amabwera kawirikawiri m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chingerezi. Ife a pa boma timamva. Koma taganizani za agogo a ku mapiri a Misuku amene moyo wawo wonse alankhula Chisukwa kapena Chindali, kapena mayi wa ku Kameme amene sukulu adalekera Sitandade 3. Atha kugwedeza mutu pa msonkhano pofuna kulemekeza mlendo, koma tsiku lovota n'kuchonga anthu awiri pa pepala limodzi. Voti yotero imawonongeka. Munthuyo adadzuka m'mamawa, adayenda mtunda, adaima pa mzere, koma mawu ake sadawerengedwe.

Vuto lina ndi mtunda. Msewu wa Karonga uli ndi phula, koma aliyense amene adapitapo ku Nthalire, ku Wenya kapena ku Misuku nthawi ya mvula akudziwa mmene ulendo umakhalira. Wochokera ku Lilongwe kapena ku Mzuzu amabwera kamodzi, amalankhula ola limodzi, n'kubwerera. Wodzipereka wa m'dera momwemo amakhala pomwepo, ndipo munthu amene adachita manyazi kufunsa pa gulu amatha kumupeza pa chigayo kapena potuluka m'tchalitchi.

Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 6, limasimba za dandaulo limene lidabuka mu Mpingo woyamba ku Yerusalemu. Amasiye a gulu lolankhula Chigriki ankaiwalika pogawa chakudya. Atumwi adauza gulu lonse kuti lisankhe lokha anthu asanu ndi awiri a mbiri yabwino, ndipo onse amene adasankhidwa anali ndi maina a Chigriki. Kuyambira kale, anthu amene chilankhulo chawo sichimveka pa bwalo ndi amene amayamba kuiwalika, ndipo mankhwala ake ndi kupereka ntchito kwa anthu owamva.

Zimene wodzipereka amaphunzitsa

Choyamba ndi kalembera. Munthu amavota akakwanitsa zaka 18, koma dzina lake liyenera kukhala m'kaundula wa MEC, ndipo polembetsa pamafunika chiphaso cha unzika chochokera ku NRB. Chiphasochi munthu amatha kutenga akakwanitsa zaka 16. Ana athu amene anali ndi zaka 13 mu 2025 adzavota mu 2030. Ambiri mwa iwo ali m'makalasi a katekisimu m'parishi muno. M'mera mpoyamba.

Chachiwiri ndi kavotedwe. Kuyambira 2014 timavota patatu tsiku limodzi: pulezidenti, phungu ndi khansala. Pepala lililonse limafuna chizindikiro chimodzi, kuchonga kapena kudinda chala m'kabokosi ka munthu mmodzi yekha. Munthu ali ndi ufulu wosankha pulezidenti wa chipani china, phungu wa chipani china, ndi khansala woima payekha. Amene ali ndi vuto la maso kapena ulumali wina atha kuthandizidwa ndi munthu amene iye mwini akumukhulupirira.

Chachitatu ndi chinsinsi. Mwamuna, mfumu, bwana wa ku ntchito, ngakhale wansembe, palibe amene angadziwe pamene munthu wachonga, ndipo palibe amene ali ndi mphamvu yomulamula. Amayi ambiri amafunika kumva zimenezi kangapo, m'chilankhulo chawo, kuchokera kwa munthu amene amamudziwa.

Chachinayi ndi mphatso za nthawi ya kampeni. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa opikisana kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti. Tonse tikudziwa kuti mchitidwewu sudathe. Wodzipereka sanyoza munthu wosauka amene walandira paketi ya shuga. Amangomuthandiza kuwerengera: shugayo atha masiku angati, ndipo wosankhidwayo akhala pa mpando zaka zingati? Amakumbutsanso kuti amene wawononga ndalama zambiri pogula mavoti amadzafuna pozibwezera.

Chachisanu ndi kuwerenga mavoti. Mavoti amawerengedwa pa malo pomwepo pamene aponyedwa, pamaso pa oimira zipani ndi oonerera, ndipo zotsatira zimalembedwa n'kusainidwa. Kufunika kwa mapepala amenewa tidakuona pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019. Pa 3 Febuluwale 2020 khothi lidathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti chifukwa cha zolakwika zambiri, kuphatikizapo kufufuta manambala ndi Tipp-Ex. Khothi lalikulu la apilo lidagwirizana nazo pa 8 Meyi 2020, ndipo tidavotanso pa 23 Juni 2020. Kuyambira pamenepo wopambana upulezidenti amayenera kupeza mavoti oposa theka la mavoti onse. Umboni wambiri wa mlanduwo udachokera m'mapepala a pa malo oponyera voti, amene anthu wamba adakhala mpaka usiku kuwayang'anira.

Chisankho chikatha

Pano ndi pamene ntchito imazilala, chonsecho ndi pamene ikufunika kwambiri. Ndime 64 ya malamulo oyendetsera dziko, imene inkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, idachotsedwa mu 1995. Choncho amene tidamusankha tikhala naye zaka zisanu, ndipo njira imene tili nayo ndi kumufunsa ndi kumukumbutsa zimene adalonjeza.

Kuti tifunse bwino tiyenera kudziwa ntchito ya aliyense. Phungu amapanga malamulo, amavomereza bajeti ya dziko ndi kuyang'anira mmene boma likugwiritsira ntchito ndalama. Khansala amatenga zosowa za wodi yake kupita nazo ku khonsolo ya boma. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, ndipo mpaka lero anthu ambiri amapita kwa phungu ndi nkhani iliyonse, ngakhale ya bokosi la maliro. Zosowa za mudzi, monga mjigo, mlatho kapena chipinda cha sukulu, zimayambira ku komiti ya chitukuko ya VDC, zimapita ku ADC, kenako ku khonsolo. Ndalama za CDF zimachokera ku misonkho yathu, sizichokera m'thumba mwa munthu. Aliyense ali ndi ufulu wofunsa kuti zabwera zingati, zagwira ntchito yanji, ndipo kontilakita adasankhidwa bwanji. Safunsa adadya phula.

Malire a wodzipereka

Wodzipereka amaphunzitsa kavotedwe, koma sasankhira munthu. Iyenso ali ndi chipani chimene amachikonda, ndipo tsiku lovota adzachonga monga mwa mtima wake. Koma akaima pamaso pa anthu savala nsalu ya chipani, salandira ndalama ya mafuta kwa wopikisana, ndipo akafunsidwa kuti tivotere yani amabweza funsolo kwa eni ake. Atha kuwathandiza ndi mafunso: munthuyu adachitapo chiyani asanayambe ndale? Ndalama za gulu zidadutsapo m'manja mwake, ndipo zidatha bwanji? Akulonjeza zimene udindowo ungathe? Mu Eksodo mutu 18, Yetero adalangiza Mose kuti asankhe atsogoleri anzeru, okhulupirika ndi odana ndi ziphuphu. Muyeso umenewo sufunsa kuti munthuyo ndi wa mtundu wanji, kapena amapemphera kuti.

Chiyeso chachikulu kwathu kuno ndi chibale. M'boma la mitundu yambiri n'kosavuta kunena kuti tivotere wakwathu. Wodzipereka akangodziwika kuti akukokera kwa mbale wake, anthu a mitundu ina samumveranso, ndipo ntchito ya zaka zambiri imagwa tsiku limodzi.

Mbali yathu ife a m'tauni

Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha 1965, ndime 75, udaphunzitsa kuti kuvota mwaufulu pofuna ubwino wa onse ndi ufulu komanso udindo wa nzika iliyonse. Katekisimu wa Mpingo, ndime 2240, amaika kuvota pamodzi ndi kukhoma msonkho ngati udindo wa Mkhristu. Ife a pa boma tili ndi mwayi umene abale athu ambiri alibe. Timawerenga, tili ndi mafoni, maofesi a khonsolo tili nawo pafupi, ndipo ambiri mwa ife timalankhula zilankhulo zitatu kapena zinayi. Pa Khirisimasi, pa maliro ndi pa ukwati timapita kumudzi, kumene anthu amatimvera.

Amene mungathe kupereka tsiku limodzi pa mwezi, kaonaneni ndi a komiti ya Chilungamo ndi Mtendere Misa ikatha, kapena kafunseni ku ofesi ya NICE. Amene simungathe, yambirani pakhomo panu: onani ngati mwana aliyense wa zaka 16 ali ndi chiphaso cha unzika, ndipo musatumize kwa ena uthenga wa ndale wa pa WhatsApp musanatsimikize kuti ndi woona.

Mafunso okambirana m'miphakati sabata ino

1. Khansala wa wodi yathu ndi phungu wa dera lathu ndi ayani, ndipo adalonjeza chiyani? Tilembe zinthu zitatu, tisunge pepalalo.

2. Ndani mu mphakati mwathu amene sadavote mu 2025 chifukwa chosowa chiphaso, matenda, ulumali kapena kusamvetsa? Tikadamuthandiza bwanji?

3. Mu mphakati mwathu muli zilankhulo zingati? Ndani angathe kufotokoza mfundo zisanu za m'phunziro lino m'chilankhulo cha kwawo?

4. Ndani mwa ife adakhalapo pa msonkhano wa VDC kapena ADC chaka chino? Tisankhe anthu awiri oti akapezeke pa msonkhano wotsatira, adzatiuze zimene akamve.

Alembi a miphakati abweretse mayankho ku ofesi ya parishi Lamulungu likudzali.