Madzi Oyenera Kuwaza pa Bowa Wathu

Kuwerenga: Yakobo 3:9-12

Ambiri a ife tikulima bowa wa oyisitala m'tizipinda takuseri kwa nyumba kuti tipeze ndiwo ndi ndalama za sukulu. Pa magawo 10 a kulemera kwa bowa, pafupifupi 9 ndi madzi. Kuno ku Livingstone mu Okutobala kumatentha mpaka madigiri 35, ndipo timawaza katatu kapena kanayi pa tsiku. Madzi oipa angaoletse matumba onse amene tinawavutikira.

1. Madzi a pampopi. Amachokera mu Zambezi, ndipo amathiramo kolorini wopha tizilombo. Kumwa ndi abwino, koma kolorini akachuluka amafooketsa bowa wongophuka kumene. Tungani mu ndowa, phimbani ndi nsalu yoyera, muwasiye maola 24 kuti fungo lichoke. Musaleke kuthira mankhwala m'madzi akumwa a banja, pakuti kolera wa 2023 ndi 2024 sitinamuiwale. Bowa akhale ndi ndowa yakeyake.

2. Madzi a mvula. Awa ndi abwino koposa. Koma oyamba kutsika pa malata alekeni apite, chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame.

3. Madzi a pamjigo. Ngati asiya zoyera pansi pa ketulo, ali ndi laimu wambiri amene amatseka kamwa la botolo lowazira. Awiritseni, azizire, muwasefe.

4. Madzi a mumtsinje wa Maramba, a m'zithaphwi ndi otsukira mbale. Awa ayi! Amabweretsa tizilombo ndi chuku chobiriwira chimene chimadya thumba lonse.

Botolo lowazira lisakhale limene munapoperako mankhwala m'dimba. Wazani mopyapyala ngati nkhungu, makamaka pa makoma, pansi ndi pa masaka opachika, kuti madzi asaime pa bowa, pakuti akaima bowa amachita mawanga ndi kuola.

Yakobo atikumbutsa kuti kasupe mmodzi satulutsa madzi okoma ndi owawa pamodzi. Ngati tisankhira bowa madzi mosamala chotere, nanga mawu amene tiwaza pa ana athu ndi pa anzathu a m'Chigwirizano tiwatunga kuti?

Zokambirana: Kodi m'dera lanu madzi odalirika ndi ati? Tingathandize bwanji azimai amasiye amene alibe mgolo wosungiramo madzi?

Pemphero: Ambuye, yeretsani mitima ndi milomo yathu, ndipo dalitsani ntchito za manja athu. Amen.